Kutchaja galimoto yamagetsi pakhomo: chingwe chiti, soketi iti?

Aliyense amene anagonapo pamzere wa mafuta amatchera khutu akamva za galimoto yoyendera batire. Pamasamba omwe timagulirapo magalimoto a ku Japan, Nissan Leaf imaoneka pamtengo wokopa, ndipo abale athu ena a ku Britain ndi ku South Africa anayamba kale kuyendera magalimoto otere. Galimoto ikangolowa pageti, funso loyamba limakhala lakuti: ndibaye pati? Pali zinthu zitatu zomwe ziyenera kumvana, khomo lotchajira la galimotoyo, tchaja yomwe ili m'kati mwake, ndi mawaya a nyumba yanu. Ogula ambiri amatanganidwa ndi choyambacho, chonsecho chomwe chingaotche nyumba ndi chachitatu.

Kodi khomo lotchajira ndi lofanana pamagalimoto onse amagetsi?

Ayi. Limatengera dziko lomwe galimotoyo inapangidwira kuti ikagulitsidwe, osati dzina la kampani. Magalimoto a msika wa ku Japan ali ndi khomo lotchedwa Type 1, lomwe ena amati J1772. Ndi lozungulira, lili ndi mapini asanu, ndipo mutu wa chingwe chake uli ndi kabatani pamwamba komwe mumadina pozula. Limalandira magetsi a single phase okha.

Ku Ulaya, ku Britain ndi ku South Africa kuli Type 2, yomwe inayambitsidwa ndi kampani ya Mennekes ya ku Germany, ndipo mu 2014 mayiko a European Union anaikhazikitsa kukhala muyezo wawo. Ili ndi malo a mapini asanu ndi awiri, pamwamba pake ndi pophwathalala, ndipo imatha kulandira single phase kapena three phase. Galimoto ndiyo imakhoma chingwe ikayamba kutchaja, moti wodutsa sangachizule.

China ili ndi muyezo wakewake wotchedwa GB/T. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika, chifukwa pachithunzi khomo la GB/T limaoneka ngati Type 2. Kusiyana kwake ndi kwakuti pamene galimoto ya Type 2 ili ndi mapini, ya GB/T ili ndi mabowo, ndiye chingwe sichilowa ngakhale mutakankha motani. BYD yogulidwa kwa ogulitsa ovomerezeka ku Johannesburg imabwera ndi Type 2, koma BYD yomweyo yotengedwa pamsika wa m'dziko la China imabwera ndi GB/T. Ku America nako kuli Type 1 pamodzi ndi mutu wa Tesla, womwe makampani ena monga Ford anayamba kuuvomera mu 2023.

Ndiye kuti Leaf ya ku Japan ndi Leaf ya ku Britain sizingabwerekane chingwe?

Zimatengera chaka. Leaf inayamba kugulitsidwa mu Disembala 2010, ndipo zoyambirirazo, za batire la 24 kWh ndi 30 kWh, zinali ndi Type 1 kulikonse. Itatuluka yatsopano ya 40 kWh, za ku Ulaya zinasamukira ku Type 2 kuyambira 2018, pamene za ku Japan zinakhalabe ndi Type 1. Choncho magalimoto awiri ofanana thupi ndi chaka akhoza kuima pabwalo limodzi, chingwe cha iyi n'kukana kulowa mwa inayo.

Mukatsegula kachitseko kakutsogolo kwa Leaf mupeza makomo awiri. Lalikululo ndi CHAdeMO, lotchajira mwachangu pamakina akuluakulu a m'mbali mwa msewu. Potchaja pakhomo mulibe nalo ntchito. Magalimoto ena ambiri a ku Ulaya ndi ku South Africa ali ndi CCS2 m'malo mwake, lomwe ndi Type 2 yowonjezera mapini awiri onenepa m'munsi. Chingwe cha Type 2 cha kunyumba chimalowa bwinobwino kumtunda kwa khomo la CCS2.

Nanga Toyota Aqua kapena Nissan Note e-Power?

Amenewa satchajidwa pakhoma. Batire lawo limadzazidwa ndi injini ya petulo komanso mphamvu yobwerera pogwira mabuleki. Zomwe tikukamba pano zikukhudza magalimoto a batire lokha ndi aja okhala ndi zonse ziwiri koma ali ndi khomo lobayira, monga Mitsubishi Outlander PHEV.

Galimoto yafika ndi chingwe chake m'buti. Bwanji ndingodula pulagi ya ku Japan n'kuika yathu ya mapini atatu?

Musatero, ndipo wina akakuuzani kuti amachita zimenezi tsiku ndi tsiku, musamumvere. Pali zifukwa ziwiri. Ku Japan m'nyumba mumayenda magetsi a 100 V ndi 200 V, ndipo kabokosi komwe kali pakati pa chingwecho kanapangidwira 200 V. Magetsi a ESCOM ndi 230 V, ndipo nthawi zina amapitirirapo. Kabokosiko kakhoza kugwira ntchito miyezi ingapo kakupsa pang'onopang'ono m'kati inu osadziwa.

Chachiwiri n'choopsa kuposa choyamba. Chingwe cha ku Japan chimauza galimoto kuti ikoke 15 A, pamene pulagi yathu, ya mtundu wa ku Britain, imathera pa 13 A, ndipo ili ndi fyuzi ya 13 A m'kati. Fyuzi yotere siduka msanga ikapyoledwa pang'ono chabe, imangotentha, n'kumatenthetsa pini ndi pulasitiki usiku wonse. Ikadzaduka, pamapezeka wina woikulunga ndi kawaya kuti isavutenso, ndipo pamenepo chotetezera chomaliza chachoka.

Galimoto yeniyeniyo ilibe vuto ndi 230 V, chifukwa tchaja ya m'kati mwake imalandira magetsi a mayiko osiyanasiyana. Cholakwika ndi chingwe chokha. Ku New Zealand, komwe ma Leaf ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito a ku Japan amapita, ogulitsa amachotsa chingwe chobwera nachocho n'kupereka china choyenera 230 V. Nanunso chitani chimodzimodzi: gulani chingwe cha mutu wa Type 1, cholembedwa 230 V, chokhala ndi pulagi ya ku Britain yochokera kufakitale, ndipo chosapitirira 10 A. Zingwe zabwino zimakhala ndi kachipangizo m'pulagi komva kutentha, komwe kamachepetsa kapena kuimitsa magetsi soketi ikayamba kufunda. Ichi ndi chifukwa chinanso chosadulira pulagi pachingwe chilichonse.

Kodi soketi wamba ya m'nyumba ingakwanitse?

Ingakwanitse ngati ili yabwino, ndipo kwa ambiri ndi yokwanira. Pa 10 A ndi 230 V mumapeza 2.3 kW. Leaf imadya pakati pa 15 ndi 18 kWh pamakilomita 100, kutengera kayendetsedwe ndi msewu. Munthu woyenda makilomita 40 patsiku, kuntchito, kusukulu ya ana ndi kumsika, amatha mayunitsi asanu ndi awiri kapena kucheperapo, chifukwa yuniti imodzi ya pamita ndi 1 kWh. Amenewa amabwerera m'maola atatu kapena anayi. Koma mukafika ndi batire la 40 kWh litatsala pang'ono kutha, soketi idzafuna maola pafupifupi 20.

Vuto ndi kutalika kwa nthawi. Ketulo imakoka mphamvu yofanana ndi imeneyi, koma kwa mphindi zisanu zokha, pamene galimoto imatha kukoka osapuma kuyambira madzulo mpaka tambala kulira. Soketi yotsika mtengo, yamapini ogwedera, kapena yomwe waya wake sanamangidwe zolimba kumbuyo, imapirira ketulo zaka zambiri koma galimoto imaisungunula. Tsiku loyamba, pakatha ola limodzi, gwirani pulagi ndi dzanja. Kufunda pang'ono si vuto. Ikakhala yoti simungaigwire nthawi yaitali, kapena mwamva fungo la pulasitiki, zimitsani.

Ekisitenshoni ndi yoletsedwa pantchito imeneyi, makamaka ija yokulunga pagudumu, chifukwa waya wokulungidwa amasunga kutentha. Ngati soketi ili kutali ndi poimika galimoto, itanani mmisiri aike ina pafupi, yokhala ndi waya wakewake kuchokera pabolodi.

Ndikagula bokosi la pakhoma la 22 kW, galimoto idzadzaza msanga?

Apa ndalama za anthu zimatayika kwambiri. Bokosi la pakhoma silisintha magetsi kuti alowe m'batire. Ntchito imeneyo imagwiridwa ndi tchaja yomwe ili m'galimoto, yomwe imasandutsa magetsi a AC kukhala DC. Bokosi ndi mlonda chabe. Limaona ngati chingwe chalowa bwino ndiponso ngati waya wa earth alipo, kenako limatumiza chizindikiro pakawaya kakang'ono chouza galimoto kuti pano ikhoza kukoka ma amp akutiakuti. Galimoto ndiyo imasankha, ndipo siingakoke kupitirira mphamvu ya tchaja yake.

Ma Leaf ambiri a ku Japan ali ndi tchaja ya 3 kW. Ena a m'gulu la 40 kWh ali ndi ya 6 kW, pamene a ku Ulaya a m'badwo womwewo ali ndi 6.6 kW. Leaf ya 3 kW idzatenga maola pafupifupi 16 kudzaza batire la 40 kWh, kaya mwaibaya pabokosi la 7 kW kapena la 22 kW. Sizionongeka, koma mwalipirira mphamvu yomwe simudzaigwiritsa ntchito. Magalimoto otha kulandira 22 kW yonse pa AC ndi ochepa, ndipo wodziwika kwambiri ndi Renault Zoe.

Palinso msampha wa three phase. Bokosi la 7.4 kW ndi la single phase pa 32 A. La 11 kW ndi ma phase atatu, iliyonse 16 A, ndipo la 22 kW ndi atatu a 32 A. Galimoto ya tchaja ya single phase ikabayidwa pabokosi la 11 kW imagwiritsa ntchito phase imodzi yokha ya 16 A, n'kupeza 3.7 kW basi, theka la zomwe ikanapeza pabokosi laling'ono la 7.4 kW. Nyumba zambiri zili pa single phase, ndiye kwa ambiri a ife nkhani ya 11 ndi 22 kW ilibe poyambira. Musanagule bokosi, fufuzani kaye mphamvu ya tchaja ya galimoto yanuyo, osati ya dzina lake chabe.

Bokosi labwino ndi liti, lobwera ndi chingwe chake kapena lokhala ndi soketi chabe?

Kuno kwathu, komwe magalimoto amachokera ku Japan, ku Britain, ku South Africa ndi ku China nthawi imodzi, ine ndingasankhe la soketi. Bokosi lotere limakhala ndi soketi ya Type 2, ndipo chingwe mumagula padera: cha Type 2 uku ndi Type 1 uko ngati muli ndi Leaf ya ku Japan, kapena cha Type 2 mbali zonse mukadzasintha galimoto. Bokosi likhala pakhoma pomwepo, inu n'kusintha chingwe chokha. Zimatheka chifukwa Type 1 ndi Type 2 zimagwiritsa ntchito chizindikiro chofanana pouza galimoto ma amp.

Bokosi la chingwe chomangiriratu ndi losavuta kugwiritsa ntchito mvula ikamagwa, koma limakumangani kumtundu umodzi wa khomo. Pogula chingwe, onaninso ma amp ake. Cha 16 A pabokosi la 32 A chidzakutsekerani pa 3.7 kW, chifukwa m'mutu mwake muli kachipangizo kouza bokosi mlingo wake.

Adaputa sizingathetse zonsezi?

Za AC zilipo, zochoka ku Type 2 kupita ku Type 1 kapena ku GB/T, ndipo zimagwira ntchito. Koma polumikiza paliponse ndi malo ena otentherapo ndi olowerapo madzi. Ndi yosunga m'buti kuti ikupulumutseni paulendo. Potchaja usiku uliwonse, chingwe choyenera n'chabwino kuposa adaputa. Za DC ndi nkhani ina: CHAdeMO ndi CCS2 zimalumikizana ndi galimoto m'njira zosiyana kotheratu, kotero adaputa yake imakhala ndi kakompyuta m'kati ndipo ndi yodula kwambiri.

Kodi mmisiri wa zamagetsi ayenera kuona chiyani m'nyumba?

Ayambire pa earth. Nyumba zathu zambiri zili ndi masoketi a mabowo atatu koma lachitatulo silipita kulikonse, kapena chitsulo chokhomedwa pansi chinadyedwa ndi dzimbiri kalekale. Wailesi ndi mababu sizidandaula. Koma galimoto ndi thupi lachitsulo loima panja pamatayala, lomwe mwana angaligwire ali chosavala nsapato padothi lonyowa. Zingwe zabwino zimakana kutchaja zikapanda kupeza earth, ndipo nyali yofiira ikayaka, mankhwala ake ndi kukonza earth. Pamsika pali zingwe zokhala ndi batani lozimitsira chenjezo limeneli. Kulidina n'kuika moyo wa munthu pachiswe. Mmisiri ayeze earth ndi chipangizo, ndipo ndi bwino kuyeza m'chilimwe, dothi litauma, chifukwa ndi nthawi yomwe earth imafooka.

Kenako aone waya. Bokosi la 32 A limafuna waya wakewake kuchokera pabolodi, kawirikawiri wa 6 mm² kapena wonenepa kuposa apo ngati mtunda uli wautali. Waya wa masoketi wa 2.5 mm² sangasenze katundu ameneyu.

Pakufunikanso chozimitsa magetsi akayamba kudutsa mosayenera, chomwe amisiri amati RCD, cha 30 mA. Apa pali chinthu chomwe ngakhale amisiri ena odziwa ntchito sanakumanepo nacho. Galimoto ikakhala ndi vuto ikhoza kutulutsa DC pang'ono kubwerera m'mawaya, ndipo DC imeneyi imagonetsa RCD wamba moti siizimitsa ngakhale munthu akugwidwa shoko. Nchifukwa chake pamafunika RCD ya Type B, kapena ya Type A ngati bokosilo lili ndi chodziwira DC ya 6 mA m'kati. Mabokosi ambiri abwino ali nacho, ndipo zimalembedwa pachikalata chake. Funsani, ndipo muone ndi maso anu.

Awerengerenso katundu wa nyumba yonse. Bokosi la 32 A, kuka ndi giza zikayaka pamodzi zikhoza kupyola mlingo wa mita kapena wa buleka yaikulu. Mabokosi ena amabwera ndi kachipangizo kopanira pawaya wolowa m'nyumba, komwe kamachepetsa mphamvu yopita kugalimoto kuka ikayaka n'kuibweza ikazima. Kameneka n'kothandiza kuposa mabatani ena onse omwe ogulitsa amatamanda. Ndipo popeza mphezi za m'dzinja timazidziwa, chotetezera magetsi obwera mwamphamvu chisasowe pabolodi.

Ntchito yonseyi agwire mmisiri wokhala ndi chilolezo cha MERA. Ku South Africa amakupatsani chikalata cha Certificate of Compliance, ndipo ku Britain amatsata malamulo a BS 7671, omwe ali ndi gawo lakelake la magalimoto amagetsi.

M'bale wanga wa ku Britain akufuna kunditumizira bokosi. Ligwira ntchito kuno?

Magetsi athu ndi ofanana ndi awo, 230 V ndi 50 Hz, ndiye poyambira pali bwino. Pali zinthu ziwiri zoti mudziwe. Mabokosi ambiri a kumeneko amadzizimitsa magetsi akatsika pansi pa 207 V kapena akapitirira 253 V, poteteza anthu ngati waya wa neutral waduka kunja kwa nyumba. M'madera omwe mababu amazilala madzulo aliwonse anthu akayamba kuphika, bokosi lotere lizingoima. Silinaonongeke, likuchita zomwe linapangidwira, ndipo kutchaja pakati pa usiku kumathandiza.

Chachiwiri, kuyambira pa 30 Juni 2022 mabokosi ogulitsidwa ku Britain amabwera atakonzedweratu kuti asatchaje m'maola omwe magetsi amafunidwa kwambiri, m'mawa ndi madzulo a m'kati mwa sabata, ndiponso amatha kuchedwa mpaka mphindi khumi asanayambe. Zimasinthika, koma nthawi zambiri kudzera pa app ya pafoni ndi intaneti. M'bale wanuyo atsimikize kuti bokosilo limatha kugwira ntchito popanda intaneti, ndipo ngati ndi logwiritsidwapo kale ntchito, mwini wake woyamba alichotse pa akaunti yake.

Magetsi akamathimathima, ndingatchajire pasola kapena pajenereta?

Funso ili ndi lathu lenileni. Magetsi athu ambiri amachokera pamtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo tonse tikukumbuka mdima womwe unabwera namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi 130 MW. Kuthima kwa magetsi pakati potchaja sikuononga galimoto. Zingwe ndi mabokosi ambiri amapitiriza okha magetsi akayaka, koma yesani kuti mudziwe khalidwe la lanu.

Pasola zimatheka, koma werengerani. Galimoto siitchaja pansi pa 6 A, yomwe ndi pafupifupi 1.4 kW, ndiye mapanelo ayenera kupereka imeneyi pamwamba pa zomwe nyumba ikudya. Inveta ya 3 kVA yoyendetsa furiji ndi nyali ingapirire 6 A yokha, ndipo pamenepa chingwe chosinthika ma amp chimathandiza. Tchajani masana dzuwa lili pamutu. Usiku musayerekeze kukoka kuchokera kubatire la nyumba, chifukwa la 5 kWh lidzatha m'maola ochepa galimoto isanakhute n'komwe. Inveta ikhale ya pure sine wave, ndipo mmisiri aone kuti ikamayenda payokha, neutral ndi earth zimalumikizidwa moyenera. Popanda zimenezi chingwe chimakana. Vuto lomweli ndi lomwe limalepheretsa majenereta ang'onoang'ono ambiri, kuwonjezera pa magetsi awo osakhazikika.

Nanga galimotoyo ingayatse nyumba magetsi akathima?

Ena amatha. Hyundai Ioniq 5 imatulutsa mpaka 3.6 kW kudzera pa adaputa yake, ndipo BYD Atto 3 nayo ili ndi luso limeneli. Mungabayepo furiji, nyali ndi kompyuta. Nissan inayambitsa njira yoyatsira nyumba ndi Leaf mu 2012 kudzera pa CHAdeMO, koma makina ake a ku Japan anapangidwira magetsi a kumeneko. Chosayenera kuchita ndi kubaya chingwe chochokera kugalimoto m'soketi ya pakhoma kuti nyumba yonse iyake. Magetsiwo amatuluka kupita kumapolo, ndipo akhoza kupha wantchito wa ESCOM yemwe akukonza waya poganiza kuti ndi wozima. Pamafunika swichi ya changeover yoikidwa ndi mmisiri.

Ndisanalipire galimoto, ndifunse chiyani?

Pemphani chithunzi cha khomo lotchajira, kachitseko katatsegulidwa ndi zivindikiro zitachotsedwa, kuti muwerenge mapini nokha. Pemphaninso chithunzi cha zolemba za pakabokosi ka chingwe, pomwe pali ma volt ndi ma amp. Funsani mphamvu ya tchaja ya m'kati, ndipo ngati wogulitsa sakudziwa, nambala ya chasisi ingakuthandizeni kufufuza. Galimoto ikadali panyanja kapena padoko la Dar es Salaam, itanani mmisiri adzayeze earth ndi kuona bolodi, ndipo odani chingwe cha 230 V nthawi yomweyo kuti chifike galimoto isanafike. Ngati mukukhala m'nyumba ya lendi, kambiranani ndi eni nyumba musanabowole khoma, ndipo ngati mita ndi yogawana ndi anzanu, muikitse kamita kakang'ono pawaya wa galimoto kuti mayunitsi ake azidziwika paokha.